Mkazi Wamkulu wa ku Alaska

Unkhoswe ndinaupeza chifukwa cha suti. Mnyamata amene ankakwatirayo sanali m'bale wanga. Tinkangochokera boma limodzi, ndipo akuti agogo ake anagulapo mbuzi kwa agogo anga. Amalume ake enieni anawakaniza chitupa cholowera ku America ukwati utayandikira, ndiye akuluakulu a mpingo wathu wa Amalawi ku Indianapolis anayang'ana uku ndi uku, n'kupeza kuti mwa amuna onse a kwathu ine ndekha ndinali ndi suti yakuda komanso Loweruka lopanda shifiti. Ndinaima kutsogolo, ndinavomera zonse zimene anandifunsa, ndinadya mpunga wa pa tebulo la ankhoswe, n'kuganiza kuti ntchito yathera pomwepo.

Masiku amenewo ndinkagwira ntchito pachipatala china chachikulu m'kati mwa tauni, yokankha odwala kuchokera ku wodi kupita kojambula, ndipo ndinkachita lendi ku Speedway, m'kanyumba kamene mawindo ake ankanjenjemera mwezi wa Meyi magalimoto a mpikisano akayamba kuyeserera. Mkazi wanga anali akadali ku Malawi, kudikira mapepala.

Mnyamatayo ndizingomutcha mphwanga, monga momwe ndinkamuitanira. Kumudzi anagwirapo ntchito ya mijigo, ndipo anabwera ku South Bend kudzaphunzira za madzi a pansi pa nthaka kuti akathandize kwawo, monga tonsefe tinalonjezera pa bwalo la ndege. Atafika anapeza kuti pulofesa amene anali ndi malo a wophunzira ankafufuzadi madzi a pansi, koma a kumalekezero a dziko, kugombe la kumpoto kwa Alaska, kumene nthaka imakhala youndana chaka chonse. Mphwanga anavomera. Munthu amene ankavala majuzi awiri mu Juni wa ku Dedza anasanduka katswiri wa nthaka ya ayisi.

Mkazi wake, amene ndinkamutcha mlamu, anali nesi pachipatala china ku South Bend komweko, mayi wa ku Zomba wosachulutsa mawu. Chaka choyamba cha ukwati anabereka mwana wamkazi.

Vuto linali nyengo. Ku Indiana munthu umapirira miyezi ya sinowo poyembekeza miyezi yochepa ya dzuwa, ndipo m'miyezi yochepayo ife Amalawi tinkathithikizamo zonse: maukwati, ubatizo, mapikiniki, mpira wa madoda a mimba zazikulu. Anthu a ku South Bend ankatsika, ife tinkakwera, mbaula za nyama zili m'buti. Koma miyezi yomweyo ndi imene nthaka ya kumpoto ija imasungunuka pamwamba, madzi n'kuyamba kuyenda. Choncho dzuwa likangoyamba kukoma, mphwanga ankalongedza majasi n'kuthawira kozizira. Ankabwerako sukulu zikutsegulira, atawonda, nkhope itatupa ndi udzudzu, koma akumwetulira. Kumwetulirako ndiye kunamulakwitsa. Akanabwerako ali wokhumudwa, anthu akanakhulupirira kuti anali ku ntchito.

M'chilimwe chachitatu, mlamu atabweranso yekha ku pikiniki ndi mwana kumbuyo, nkhani inayamba kuyenda kuti mphwanga ali ndi mkazi wina ku Alaska. Ine inandipeza itakula kale. Poyamba mkaziyo anali mzungu wophunzira naye. Kenako anasanduka mayi wa komweko, mwini boti. Pofika mu Ogasiti anali atabereka, ndipo ena ankati ndi mapasa. Bambo wina woyendetsa mathiraki anauza anthu kuti iye Alaska amamudziwa bwino, ngakhale kuti sanafikeko, poti anakatulapo katundu pafupi ndi malire a Canada, ndipo kumeneko munthu sangathe miyezi itatu yekha m'bulangete. Ena ankafunsa kuti ngati vuto ndi madzi, nyanja yaikulu ya Michigan ili pakhomo pa South Bend, bwanji osakatunga kumeneko? Ndipo ngati akufuna a pansi pa nthaka, chaka chilichonse sinowo ikasungunuka amalowa okha m'mabesimenti mwathu, m'zipinda za pansi pa nyumba, ulere. Abwere adzayeze amenewo, atithandizenso kukolopa.

Ine ndinkamva n'kumangoseka, mpaka tsiku limene ndinakumana ndi nkhoswe ya kuchikazi m'sitolo ina ya pa msewu wa Lafayette, kumene tinkagula nyama ya mbuzi ndi nsomba zouma. Amayi amenewa anali apampando a amayi a mpingo, nesi wamkulu amene anafika ku Indiana ambirife tikadali pa sukulu ya pulayimale. Pafupifupi Mmalawi aliyense wa mumzindamo anakalandiridwa ndi iwo ku bwalo la ndege, ndipo anagonapo m'besimenti mwawo ali mlendo. Inenso ndinagonamo, ndipo jasi langa loyamba linali la amuna awo. Munthu wotere sumukanira kanthu.

Anaimika ngolo yawo yogulira zinthu mopingasa kuti ndisadutse.

"Ankhoswe, mwana wanu ali kuti?"

Ndinayankha kuti ali ku ntchito, amayi, abwera posachedwa.

"Mwaionapo ntchitoyo?"

Ndinavomera kuti sindinaionepo. Anandiyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka kumutu, n'kundiuza kuti mwana wawo akuvutika mwakachetechete, kuti iwo mbali yawo akuidziwa, ndipo kuti mnyamatayo akangotera ndipite ndikamufufuze ngati mwamuna mnzake, kenako ndimubweretse kwawo pamodzi ndi mkazi wake. Ndinafunsa ngati mlamu anadandaula kwa iwo. Anati mkazi wolangizidwa bwino sadandaula, ndipo kukhala chete kwakeko ndiwo umboni. Pochoka anandisankhira mwendo wa mbuzi, akuti umene ndinatengawo unali wa tonde wokalamba.

Mu Sepitembala ndinauyamba wa ku South Bend, pakati pa minda ya chimanga yosatha, ndikuyeserera m'galimoto momwe ndikayambire. Mphwanga anandilandirira ku labu kwake. Anasangalala kwambiri, poti palibe Mmalawi amene anafikako. Anandiveka jasi n'kundilowetsa m'chipinda chozizira ngati mosungira maliro kuchipatala kwathu, modzaza timabotolo ta madzi, ena oyera, ena ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka.

Ndisanatsegule pakamwa anali atayamba kale kufotokoza. Anati nthaka ya kumeneko ili ngati nyama ya mufiriji: udzu ndi ndere za pamtunda zimene zinafa kalekale sizinawole, zinangoundana. Nthawi ya dzuwa pamwamba pokha ndi pamene pamasungunuka, pang'ono chabe, pansi pake n'kukhalabe gwa ngati simenti. Koma popeza dziko likutentha, kusungunukako kukulowa pansi chaka ndi chaka, zakale zija zikuyamba kuwola, ndipo madzi oyenda m'nthakamo akutenga manyowa amenewo, makamaka nayitirojeni, yemweyu timagula m'thumba la feteleza, n'kukawatulutsira m'nyanja. Samayenda ngati mtsinje woti munthu auone, amangonyenya pansi pa mchenga wa pagombe. Anthu akhala akuyeza mitsinje, koma a pansiwa anali asanawasamale kwenikweni. Ntchito yake inali yokhoma mapaipi m'mphepete mwa nyanja, kupopa madziwo, n'kuona kuti akunyamula chiyani ndipo ndi ochuluka bwanji.

Ndinamvetsera mpaka zala zanga zinachita dzanzi, kenako ndinamutulutsa panja kuti tikhale pa benchi. Kwathu nkhani ngati imeneyi suiyamba ndi mutu, umailowera m'mbali. Ndinamuuza kuti, mphwanga, akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anagwedeza mutu mwamphamvu n'kunena kuti pulofesa wake amamuuza zomwezo, kuti asiye kuthamangira zinthu zina za m'madzimo, alimbikire nayitirojeni yekha. Ndinayesanso kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Anati n'zoona, n'chifukwa chake sadalira zimene ena anayeza, amafuna masampulo otunga yekha.

Ndinasiya miyambi n'kufunsa za kagonedwe. Anati amagona m'matenti pafupi ndi gombe, ali anthu ochepa, dzuwa osalowa n'komwe. Ndinafunsa ngati pali azimayi. Anati alipo mmodzi wa m'mudzi wa kufupi, ndipo anawonjezera mawu amene ndinawaganizira ulendo wonse wobwerera.

"Achimwene, popanda mayi ameneyo ine sindingapeze tulo."

Anafotokoza kuti mayiyo ndi mlonda, amayenda ndi mfuti kulondera zimbalangondo zoyera zimene zimabwera m'mphepete mwa nyanja. Ndinamukhulupirira, chifukwa munthu wabodza sangasankhe mawu oipa chonchi. Komabe ndinadziwa kuti mawu amenewo akafika kwa amayi aja sadzafika ndi zimbalangondo zake.

Potsanzikana ndinamuuza kuti akuluakulu akufuna adzamumve Lamulungu likudzalo tikaweruka ku tchalitchi, adzafotokoze bwino zimene amachita kumpotoko, ndipo abwere ndi mlamu. Kwa Mmalawi aliyense wokula bwino, mawu amenewo ndi samani ya ku bwalo. Mphwanga maso anawala. Anati zaka zonsezi palibe wa kwathu amene anamufunsapo za ntchito yake, ankangomufunsa kuti amaliza liti, ndipo anandigwira dzanja ndi manja awiri pothokoza.

Lamulungu lija besimenti ya amayi inadzaza. Nkhani ya banja imayenera kukambidwa ndi ankhoswe okha, koma tsiku limenelo anthu ambiri anakumbukira kuti ali ndi mbale zoti abweze kunyumbako, ndipo atabweza sanapeze chitseko chotulukira. Wotsogolera anali mkulu wa mpingo, bambo wodekha wa imvi amene ankagwira ntchito mu ofesi ina ya boma m'tauni. Bambo wa mathiraki uja anakhala kutsogolo ngati mboni yodziwa dera. Mipando iwiri anaiika pakati, ya oimbidwa mlandu. Mlamu anakhala pa umodzi, atatumiza mwana kumwamba kukasewera ndi anzake. Mphwanga sanakhale pa winawo. Anaikapo makina oonetsera zithunzi amene anabwereka ku yunivesite, n'kupempha amayi nsalu yoyera ya pabedi kuti apachike kukhoma. Amayi anapereka, poganiza kuti mwina umu ndi momwe anthu ophunzira amalapira.

Mkulu wa mpingo anatsegula ndi pemphero lalitali limene linayendera amuna onse a m'Malemba amene anagwa chifukwa cha akazi achilendo. Mphwanga anavomera ameni mokweza kuposa tonse, anazimitsa magetsi, n'kuyamba.

Chithunzi choyamba chinali dambo lalikulu lofiirira, lopanda mtengo ngakhale umodzi, kutsogolo kwake madzi otuwa. Chachiwiri chinali dambo lomwelo. Chachitatu chinali paipi. Anatifotokozera za nyama ya mufiriji, za manyowa, za madzi onyenya pansi pa mchenga, m'Chichewa chimene anachikonzekera sabata yonse, ndipo kunena zoona anafotokoza bwino. Anthu anakhala chete monga amakhalira alenje. Aliyense ankadikira chithunzi chimodzi chokha, ndipo chifukwa cha chimenecho tinaphunzira zambiri za nayitirojeni kuposa zimene tikanalolera tsiku wamba. Tinaona mphwanga atavala neti kumaso ngati mkwatibwi, udzudzu uli bii pa jasi. Mayi wina anafunsa za malungo, ndipo atamva kuti udzudzu wa kumeneko ulibe malungo anati ndiye ukuluma anthu pofuna chiyani. Tinaona mizere yokwera ndi yotsika. Wina kumbuyo anayamba kuwodzera.

Kenako panabwera chithunzi cha gulu, ataima kutsogolo kwa tenti. Mphwanga anafuna kudutsa msanga, poti munalibe sayansi, koma mawu a amayi anamveka mumdimamo.

"Bwererani."

Anabwerera. Panali azungu a ndevu, pulofesa, mphwanga, ndipo pambali pake mayi wamfupi wojintcha, wa nkhope ya makwinya, mfuti ili paphewa. Amayi anafunsa kuti ameneyo ndi ndani. Mphwanga anafotokoza za zimbalangondo, ndipo ine ndinapemphera chamumtima kuti asatchule za tulo. Mulungu anamva. Amayi anafunsa ngati mayiyo ali pabanja. Mphwanga anati amuna ake alipo, ndi mlenje, ndipo ali ndi zidzukulu zazikulu. Anafunsanso kuti amagona tenti iti, amaphika ndani, zovala amachapa ndani. Pa funso la zovala ndi pamene mphwanga anasiya kuyang'ana nsalu ya kukhoma n'kuyang'ana anthu. Anaona mipando iwiri ija pakati. Anayang'ana ine. Ine ndinali nditapeza chinthu chochititsa chidwi pa kapeti.

Munthu wina anayatsa magetsi. Mphwanga anatsitsa makina ake pa mpando uja, n'kukhalapo yekha pang'onopang'ono, manja pa mawondo.

Mkulu wa mpingo, pofuna kupeputsa zinthu, anafunsa kuti nanga feteleza ameneyu akalowa m'nyanja, ndi zabwino kapena zoipa. Mphwanga anayankha ndi mawu otsika kuti ndere imachuluka, tizilombo ta m'madzi n'kupeza chakudya, nsomba nazonso n'kudya tizilomboto, ndiye mwina anthu a m'mphepetemo angapindule. Koma zikachulukitsa zikhoza kusokoneza zamoyo zimene zinazolowera madzi osauka, ndipo pakali pano sakudziwa kuti zipendekera kuti. Bambo wa mathiraki anati zaka zitatu munthu osadziwa, iye akanachotsedwa ntchito kalekale. Anthu anang'ung'udza movomereza. Mlandu wa mkazi unali ukuterereka m'manja mwawo, ndiye anagwira umene unali pafupi.

Apa m'pamene mlamu anapempha kulankhula. Sanaimirire. Anayamba ndi kuthokoza amayi ndi abambo onse chifukwa cha chikondi chawo, mwaulemu wonse, mpaka ine ndinayamba kuchita mantha. Kenako anati iye sanadandaulepo kwa munthu za mkazi wina, ndipo lero m'mawa ankadziwa kuti akubwera kudzaonera zithunzi. Anati akuganiza kuti akudziwa pamene nkhaniyi inabadwira. Pa pikiniki ya mu Julaye anafika atachokera ku shifiti osagona, mwana akulira, ndipo anthu anamufunsa motsatizana kuti bambo a mwana ali kuti. Atatopa anayankha wina kuti ali kwa mkazi wamkulu, kutanthauza ntchitoyo, poti inalipo kale iye asanabwere. Amene anali pafupi anaseka. Koma nthabwala ikamayenda kuseka kumatsalira m'mbuyo, ndipo pofika ku Indianapolis inali itabereka mapasa.

"Amayi, tawaonani bwinobwino amuna angawa," anatero. "Amabwerako atatupa ngati alumidwa ndi njuchi, akununkha thope mpaka Okutobala. Mkazi wa ku Alaska ameneyo ngati alipo, ndimupatse moni, ndi wopirira."

Ena anaseka, ena anaopa kuseka. Mlamu sanathere pomwepo. Anati vuto ali nalo, koma ndi lina. Miyezi itatu chaka chilichonse amakhala yekha ndi mwana ndi mashifiti, udzu pakhomo ukukula mpaka aneba kudandaula, ndipo mwa anthu onse amene anali ndi nthawi yowerenga ana a ku Alaska, palibe amene anaimba foni kufunsa ngati angamutengereko mwana Loweruka limodzi. Anatinso m'chipindamo muli anthu ambiri amene anasiya akazi ndi amuna awo ku Malawi zaka zingapo chifukwa cha ntchito, koma sanamvepo kuti awaikira mipando pakati. Ponena zimenezi sanandiyang'ane, ndipo ndimamuthokozabe. Pomaliza anatembenukira kwa mwamuna wake. Anati akaimba foni kuchokera kumeneko, foni yovuta kupeza, mawu akuduka, amafunsa muli bwanji kamodzi, asanamve yankho n'kuyamba kumuuza kuti chaka chino nthaka yasungunuka kufika pati.

Mphwanga anatsegula pakamwa, ndikuganiza kuti ankafuna kufotokoza kuti kuyako kunali kofunikadi, koma anatsekanso. Chimenecho chinali chanzeru kuposa zonse zimene ananena tsiku limenelo.

Anthu anali atavalira mlandu waukulu, ndipo zinali zovuta kubwerera kunyumba opanda chigamulo. Amayi ananong'onezana ndi mkulu wa mpingo, kenako mkuluyo analengeza. Mnyamata apitirize ntchito yake, poti waiyamba kale, koma amalize msanga. Akaimba foni, nkhani ya madzi ndi yoletsedwa. Ndipo popeza banjali lili ndi nkhoswe ya kuchimuna, imene mpaka pano sinaoneke ntchito yake, nkhosweyo izipita ku South Bend nthawi yonse imene mwini nyumba ali kumpoto, kukatchetcha udzu ndi kukasunga mwana mayi akakhala pa shifiti. Onse anaomba m'manja. Pa anthu onse amene analowa m'besimenti muja, amene anatuluka ndi chilango ndinali ine.

Tikudya, ndinaona mkulu wa mpingo atakokera mphwanga pakona. Ndinasendera pafupi monga nkhoswe. Ankamufunsa motsitsa mawu ngati kusungunuka kumeneku kuli m'gulu la zizindikiro za masiku otsiriza, komanso ngati nyanja ikakwera ingafike ku Indiana, poti iwo anali atangolowa kumene m'nyumba yatsopano. Mphwanga anawatsimikizira kuti Indiana ili kutali ndi nyanja ya mchere. Za masiku otsiriza anati alibe masampulo ake. Pobwerera ku galimoto sanandilankhule, mpaka nditamunyamulira makina aja. Anangoti, "Achimwene, mukanangondiuza," ndipo ine ndinati ndinamuuza ndithu, kawiri konse, iye n'kumva za nayitirojeni.

Chilimwe chotsatira ndinachithera pamsewu. Anzanga akuwotcha nyama ku paki, ine ndinali kumbuyo kwa makina otchetchera udzu ku South Bend, kapena pansi pa tebulo ndi mwana amene ndikamufunsa m'Chichewa ankamva zonse n'kundiyankha m'Chingerezi, ndipo ankandiuza kuti ndimayimba molakwika nyimbo za pa TV. Sindinganame, ndinayamba kukukonda. Kanyumba kanga ka ku Speedway kanali kachete kwambiri, ndipo kumeneko kunali munthu wondithamangira pachitseko. Amayi ena a mpingo, manyazi atawagwira, anayamba kunditumiza ndi mapoto a ndiwo, ndipo awiri kapena atatu anapitadi kukagonako. Amayi apampando sanapite, koma ankandiimbira Lolemba lililonse kuti ndipereke lipoti.

Lamulungu lina masana foni ya kumpoto inalira ine ndili pomwepo. Mlamu anaiika poti tonse timve, kuti mwana alankhule ndi bambo ake. Mphwanga anamvera chigamulo mokhulupirika. Anafunsa za mwana, za ntchito, za galimoto, za ine, ndipo anadikira mayankho onse. Kenako mafunso anamuthera. Tinkangomva mphepo ndi kupuma kwake. Anafunsanso za galimoto. Mlamu anandiyang'ana, n'kupukusa mutu, n'kuuza mwamuna wake kuti chabwino, anene za madzi akewo asanaphulike. Mphwanga analankhula mpaka foni inaduka yokha. Nkhani imeneyi sindinaiike mu lipoti.

Atamaliza maphunziro, Amalawi a ku Indianapolis anadzaza magalimoto kupita ku mwambo wake, amayi onse atavala nsalu imodzi. Dzina lake litatchulidwa kunamveka nthungululu imene inadzidzimutsa azungu a mizere ya kutsogolo. Pa phwando bambo wa mathiraki anauza alendo kuti iye anaona kalekale kuti mnyamatayu ali ndi mutu. Amayi apampando analankhula nthawi yaitali za kufunika kwa ankhoswe, ndipo anafotokoza momwe banjali linatsala pang'ono kutha iwo asanalowererepo. Anatinso dokotala wathuyu ndi amene anatulukira kuti dziko likutentha. Mphwanga anayesa kukonza, koma mlamu anamuponda phazi.

Chaka chimenecho pulofesa anamupempha kuti apitenso kamodzi kukazula mapaipi ndi kuphunzitsa wophunzira watsopano, ndipo mlamu anati ulendo uno apita nawo, akadzionere yekha. Anatenga tchuthi, mwana anamusiya kwa amayi apampando, amene anamubweza atanenepa komanso akudziwa kugwada. Atabwerako, mlamu anandiimbira foni. Anati kumeneko kulibe chilichonse, ndi thope ndi mphepo ndi udzudzu, ndipo chakudya chonse n'cha m'zitini. Anati mayi wa mfuti uja anacheza naye kwambiri, ndipo anamudandaulira kuti nkhuti za pansi pa nthaka zimene anthu a m'mudzi mwake amasungiramo nyama zayamba kuchucha madzi, chinthu chimene makolo ake sanachionepo. Anatinso mwamuna wake anamutengera pagombe madzi a m'nyanja ataphwera, n'kumuuza kuti akumbe pang'ono ndi dzanja.

"Alamu, madzi aja alipodi," anatero. "Amatuluka okha pansi pa mchenga, ozizira mpaka kupweteka m'mafupa, ndipo sali amchere kwenikweni. Ndinalawa. Muwauze amayiwo kuti ndawaona ndi maso anga."

Lamulungu lotsatira, titaweruka, ndinapita kwa amayi ndi anzawo ataima pa malo oimika magalimoto, ndipo ndinapereka uthengawo wonse monga anandituma. Anandimvetsera mwaulemu, wina n'kunena kuti zikomo, ankhoswe. Koma maso awo anali kwina. Panali mnyamata wina wa ku Mulanje, wophunzira za nyenyezi, amene akuti usiku sagona pakhomo.